Mwendo Wamanzere wa a Kilatchi

Dzina lawo lenileni ambiri sankalidziwa. Aliyense ankangoti a Kilatchi, chifukwa moyo wawo wonse anauthera pampando wa pambali m'galimoto yophunzitsira, akukuwa kuti, "Kilatchi! Pondani kilatchi!" Anaphunzitsa manesi, abusa, madalaivala a malole, ngakhale apolisi. Munthu mmodzi yekha ndiye anawakanika: akazi awo, omwe ankati kulalatiridwa kwa kunyumba n'kokwanira, sangakawonjezerenso kwa pamsewu.

Atapuma pantchito, anakokera kugalaja ya mlamu wawo galimoto ya malemu bambo awo, ya nyali zozungulira ngati maso a chule. Inali itakhalitsa kuseri kwa nyumba, nkhuku zikuikira mazira pampando wakumbuyo. Mlamuyo, mchimwene wa akazi awo, anali makaniko wamakani koma wa manja abwino. Awiriwa anapala dzimbiri, anawotcherera pansi pomwe panaboola, anasoketsa mipando, anapaka penti wobiriwira. Chinatsala ndi injini. Yakaleyo inali itang'aluka, oyilo wake ngati tiyi wamkaka.

"Alamu, ndaipeza," anatero makanikoyo tsiku lina. "Pali mkulu wina ali ndi galimoto ya mtundu womwewu. Thupi linawola, koma injini ikulira ngati yatsopano. Tingoichotsa pamodzi ndi giyabokosi yake, n'kuikhazika muno."

A Kilatchi analoza pakona, pomwe panali injini ina itafundidwa lona. Inachokera m'galimoto yamakono yomwe inagundidwa kumbuyo, ndipo giyabokosi yake inali ya otomatiki.

"Nanga iyo singalowe?"

Mlamuyo anaseka mpaka kukhosomola. "Inuyo, a Kilatchi, galimoto yopanda kilatchi? Bambo anu akatembenuka kumandako. Komanso ndiyenera kudula, kuwotcherera, kusintha mawaya. Ayi, musandichititse manyazi."

A Kilatchi nawonso anaseka. Panali chinthu chomwe sanauze munthu. Mwendo wawo wamanzere unali utayamba kuwakana. Poyamba linali dzanzi la kuzala. Kenako silipasi inayamba kuvuka yokha, iwo osamva. Pokwera masitepe a kutchalitchi ankadikira kuti anthu adutse kaye, kuti asaone momwe ankakokera phazi. Ndipo ankadziwa chomwe chinaimitsa galimoto ija kuseri kwa nyumba. Sinali injini. Bambo awo anayamba chonchi, ndi mwendo umodzi, ndipo anamalizira pabedi, akutembenuzidwa ndi ana awo. A Kilatchi ndi amene ankawanyamula popita nawo kubafa, ndipo kupepuka kwa thupi lija manja awo anali asanakuiwale.

Loweruka anapita kukayesa injini ya mkulu uja. Mwini wake anawapatsa makiyi, nati aizungulitse mmene angafunire. Mlamuyo anakhala pambali, khutu lili tcheru.

"Mukuimva? Palibe kugogoda. Iponderenitu!"

Kilatchi ya galimoto zakale ndi yolimba ngati ukuponda mwala. Posintha giya loyamba mwendo unamvera. Lachiwiri unamvera mochedwa. Atatsetsereka kumsika anapeza chotchinga cha panjanji chikutsika, belu likulira. Anaponda buleki ndi kilatchi, galimoto n'kuima patsogolo penipeni.

Apa ndi pomwe mwendo unachoka. Sunapweteke. Unangosowa, ngati kuti kuyambira m'bondo kutsika munalibe kanthu. Anayang'ana pansi naona phazi lawo likukwera pang'onopang'ono, chopondera chikulikankha. Anagwira giya kuti alichotse, koma linakakamira. Galimoto inayamba kunjenjemera, kenako kukwawa. Buleki yake inali yofewa, inangolowa mpaka pansi.

"Alamu, imani! Sitima iyo!"

Hutala ya sitima inadzaza m'galimoto monse. Mayi wina wogulitsa nthochi anataya dengu n'kugwira kumutu. Boneti inakhudza chotchinga, chitsulo chinalira kwee pa penti. Mlamuyo anadumphira makiyi n'kuzimitsa injini, dzanja lina likukoka handibuleki. Galimoto inadumpha kamodzi n'kuima. Mabogi anadutsa pamaso pawo, mphepo yake ikugwedeza galasi.

Sitima itatha, a m'mbuyo anayamba kuimba mahutala. A Kilatchi anali gwa, manja ali pachiwongolero.

"Mwatani kodi? Inu mungaiwale kilatchi?"

"Sindinaiwale, alamu. Tandigwirani mwendowu."

Makanikoyo anaugwira pakatumba, kenako anautsina ndi zikhadabo zake zakuda.

"Mukumva?"

"Ayi."

Mlamuyo anatsika, anazungulira, anawathandiza kusunthira pampando wina, n'kuyendetsa yekha.

Kunyumba anapeza akazi awo akusita. A Kilatchi anayamba kufotokoza mozungulira, za buleki yofewa, za galimoto zakale. Mayiwo anaimika simbi.

"Bambo, nsapato zanu ndimapukuta ndine. Yakumanzere yatha kutsogolo, inzake ili bwinobwino. Ndimangodikira kuti munene nokha."

"Ndikuopa, mayi," anatero a Kilatchi. "Munawaona bambo mmene anathera."

"Ndinawaona. Inenso ndikuopa. Koma bambo aja sanapite kuchipatala, inu mupita."

Dokotala anawagogoda m'mawondo ndi kanyundo, anawabaya kuphazi ndi kasingano, anawayendetsa kuchoka pakhomo kufika pawindo. Anati vuto lili m'mitsempha, koma sangathamangire kunena kuti ndi matenda a bambo awo. Mwina ndi msana womwe ukupana mtsempha, mwina ayi. Afunika kumabwera pafupipafupi kuti awapime. Kuyendetsa galimoto, anati, ayambe asiya.

Mawu otsirizawa ndi omwe anawalasa. Masiku otsatira ankangokhala pakhonde, akuyang'ana phazi lawo, akuliuza chamumtima kuti ligwedeze chala. Nthawi zina linkagwedeza. Nthawi zina linkakana.

Atabwerera kugalaja, anapeza mlamu wawo atavundukula kale injini ya pakona ija, akuyeza ndi tepi m'mimba mwa galimoto.

"Ilowa," anatero osatembenuka. "Ndidula apa ndi apa. Kunja palibe adzadziwe. Mwendo wamanja uli bwino, si choncho?"

"Adokotala andiletsa, alamu. Kaya wamanja, kaya wamanzere."

"Ndiye tikuvutikiranji?"

"Ikani yomweyo," anatero mawu kukhomo. Anali akazi awo, atanyamula chakudya cha amuna awiriwo. "Kuchipatala azipita bwanji? Minibasi sangakwere, sitepe yake ndi yaitali. Ndiziwatenga ndine."

Mchimwene wawo anatulutsa mutu m'boneti. "Iwe? Sunagwirepo chiwongolero chibadwire!"

"Achimwene, inu mangani injiniyo."

Ntchito itatha, anakayambira pabwalo la mpira lopanda anthu. Mayiwo anakhala kutsogolo kwenikweni kwa mpando, zala zitauma pachiwongolero, milomo ikupemphera. A Kilatchi anakhala pambali. Kumapazi kwawo kunalibe buleki yachiwiri ngati m'galimoto ya kusukulu, ndipo anazindikira kuti chilichonse chikachitika sangachite kanthu. Anagwira chitseko mwamphamvu.

"Chotsani phazi pabuleki pang'onopang'ono," anatero motsitsa mawu.

Galimoto inanyamuka mwaulesi, inadutsa pagolo, inakhota mokhotakhota, n'kukaima pafupi ndi mpanda. Onse awiri anapuma mwamphamvu.

"Ndaphonya chiyani?" anafunsa mayiwo.

"Galasi simunayang'ane. Tiyeni tibwerezenso. Lachitatu tili ndi adokotala, ndipo msewu wake ndi wodutsa panjanji."