Kapu Yomwe Ndinaimangira Kansalu

Mkodzo ndiwo unayamba, kufiira ngati tiyi wopanda mkaka. Nthawiyo ndinali nditangotha miyezi iwiri pa ntchito yokolopa pa chipatala china chaching'ono kufupi ndi Dwangwa, matipate atangoyamba kumene. Ntchitoyo anandipezera ndi alamu anga, omwe ankaphikira odwala. Anandipatsa chikolopa, ndowa ziwiri ndi magolovesi: ndowa ina ya sopo, ina ya klorini, ndipo kukolopa uziyambira kukhoma kubwerera kukhomo.

Kenako maso anachita chikasu. Ndinati basi, ndachitengera ku wodi, ndipatsira ana. Mwana wanga wamng'ono, Asiyatu, ndinamuletsa kuyamwa tsiku lomwelo, n'kumutumiza ku Kanyenda kwa mayi anga pamodzi ndi mchimwene wake Yusufu. Kapu yanga ndinaimangira kansalu kuti wina asamwere. Anzanga ankati nditafune nzimbe, chikasu chitha. Ndinatafuna mpaka nsagwada kuwawa, osasintha. Ku ntchito ndinkangoweramira pansi, kuopa kuchotsedwa.

Lachinayi lina ndinagwa ndi ndowa pakhonde. A sisitala, Mayi Chirwa, anandigwira chibwano n'kunditembenuzira kudzuwa.

"Iwe Mwanaisha, ukukolopa chipatala koma ukudwalira kuseri kwa chitseko? Nzimbezo wawamalizira akampani ya shuga?"

Sanandichotse. Anandilembera kalata ya ku Lilongwe. Kumeneko ananditenga magazi kangapo, kachilombo koyambitsa chikasu osakapeza. Adokotala anandikhazika pansi.

"Amayi, tikuganiza kuti asilikali a m'thupi mwanu akumenya chiwindi chanu chomwe. Pali ena amene ntchito yawo n'kuwauza anzawo kuti lekani, uyu ndi wathu. Amenewo ndiwo afooka."

"Nanga ana anga?"

"Sizipatsirana izi."

Ndinalira mpaka manyazi anatha.

Anandipatsa mapiritsi a puredinisoloni, omwa m'mawa uliwonse, osadukiza. Anati amaziziritsa asilikali onse, ndiye matenda ena angandilowe msanga. Mayi Chirwa atawerenga kalata anandichotsa ku wodi ya a chifuwa chachikulu n'kundiika kochapa nsalu. Mulungu awakumbukire mayi amene aja. Kwa iwo ndinaphunzira kuti chikakuopsa pa ntchito, nena kudakali m'mawa.

Loweruka ndinakwera minibasi kukatenga ana. Asiyatu anandikana kaye, n'kubisala kumbuyo kwa mchimwene wake. Titafika kunyumba mapiritsi ndinawapachika kudenga, kosafika dzanja la mwana. Yunifolomu ndinayamba kuisiya ku ntchito konko, ndipo m'mawa uliwonse ndinkawaimika anawo pakhomo n'kuwayang'ana m'maso. Koma Loweruka lomwelo, tisanadye, ndinamasula kansalu kaja, n'kutunga madzi. Tinamwera kapu imodzi tonse atatu.