Dzina la pa Lisiti

Amuna anga anasuta fodya zaka zonse za ukwati wathu, ndipo mumpingo monse wodziwa ndinali ine ndekha. Anali mkulu wa mpingo, munthu wa tayi, wogwira ntchito m'boma, ndipo ntchitoyo ndi imene inatichotsa ku Dedza kudzatikhazika ku Lupaso kuno ku Mzuzu. Ankasutira kuseri kwa bafa m'mamawa, kenaka n'kutafuna switi ngati ine ndilibe mphuno. Chaka chimene chifuwa chinawagwira zenizeni, adokotala sanazungulire. Anati akapitiriza, mapapo amenewo sawafikitsa patali. Anayesa kuleka. Anatha masiku anayi akukalipira aliyense mpaka mphaka, tsiku lachisanu n'kubwererako.

Mphunzitsi mnzanga ndi amene anandiuza za ndudu yamagetsi, ija achinyamata amati vepu. Akuti mlamu wake analekera fodya pa imeneyo. Ine ndi mantha anga sindinafunse zambiri. Ndinapita pashopu ina ya mafoni m'tauni, mwini wake n'kunditulutsira kanthu konga cholembera chonenepa. Anati kali ndi waranti ya miyezi itatu, kakawonongeka kokha adzandipatsa kena, bola ndisunge lisiti. Atafunsa dzina loti alembe, pakamwa panga panangotuluka la amuna anga. Ndi mmene tinaleredwera kwathu. Wailesi, njinga, ngakhale mbaula imene ndimaphikira ndekha, zonse zimalembedwa dzina la bambo wa pakhomo.

Kanagwira ntchito masabata asanu. Sindinganame kuti kanawachiritsa, ayi, ankatsokomolabe, koma ndudu sanaigwirenso ndipo malaya awo anasiya kununkha. Kenaka m'mawa wina mu Juni, nthawi ija Mzuzu amadzuka ndi nkhungu ndi kamvula kosatha, kanakana kuyaka. Tikakaika pa tchaja kankangotentha ngati mbatata yootcha.

Ndinanyamula lisiti ulendo wa m'tauni. Mwini shopu ndinapeza kulibe, akuti wapita kokaoda katundu. Pakauntala panali mtsikana, ndipo nditangomuona ndinamuzindikira. Anali wa m'kwaya ya kumpingo kwathu, mwana wa ku Chibavi, woimba mzere wakutsogolo. Ndikanabwerera pakhomo pomwepo, koma anali atandiona kale.

"Monile amama! Mwatiyendera lero?"

Ndinamupatsa lisiti ndi kanthuko. Anawerenga dzina, n'kuwerenganso, osadzutsa mutu. Mwana waulemu, sanaseke.

"Phepani chomene amama," anatero. "Abwana anati zinthu izi azisinthitsa mwini dzina yekha. Abwere ndi chitupa, asaine. Ena amatola malisiti a anzawo."

"Iwe, anagula ndine! Ndinaima pomwepa ndi miyendo yangayi. Ukufuna ndikatenge mtchatho wa ukwati?"

Ndinalankhula zambiri tsiku limenelo, zina zosayenera pakamwa pa mphunzitsi. Ndinati dziko lino lili ndi malamulo, munthu sangagulitse chinthu chakufa n'kumabisala kuseri kwa siginecha. Iye ankangoti yewo amama, yewo. Pomaliza anavomera kulandira kakufako kuti abwana ake akabwera aitanitse katsopano, koma kukatulutsa m'shopu, anati, mpaka adada abwere okha.

Amuna anga ndinawapeza pakhonde akupolisha nsapato. Ndinawafotokozera zonse, osabisa za mtsikanayo. Anasiya bulashi.

"Mwaonetsa dzina langa kwa mwana wa m'kwaya?"

"Ndikanatani nanga? Pitani mukasaine, bambo, ndi mphindi ziwiri zokha."

"Ine sindikapondako. Mwezi wathawu ndinali nawo poimitsa mnyamata kudya mgonero chifukwa cha mowa. Lero ndikaime pamzere ndi chitupa, kudikira fodya?"

"Ndiye mukufuna mpingo ukakuikeni m'manda ndi ulemu wanuwo?"

"Mayi, nkhani imeneyi yatha."

Sinathe kwa ine. Mnzanga uja anandiuza kuti kuli ofesi yolandira madandaulo a ogula, ndipo ndinakhala pansi kulemba kalata ya masamba awiri. Nditafika poti wodandaula ndani, cholembera chinaima. Lisiti ikunena iwo, ndiye kalatayo iyenera kunenanso iwo, n'kukadutsa m'manja mwa anthu a m'boma anzawo. Ndinaing'amba. Zogula kena ndinazitchulapo kamodzi, iwo n'kundiletsa kuti ndisadzapitenso pashopu iliyonse ndi nkhani imeneyi, komanso mwezi umenewo ana athu awiri anali akubwerera kusukulu, ndalama zonse zinapita kumeneko. Ndinakwiya nawo, ndinakwiya ndi mwini shopu, koma kwambiri ndinadzikwiyira ndekha. Dzina langa ndili nalo, ndimalilemba tsiku ndi tsiku m'kaundula wa kusukulu, koma pashopu paja ndinalimeza.

Panatha masabata awiri. Ndinkawaona akuvutika, koma anali asanasute. Ndinkadziwa chifukwa ndinkanunkhiza malaya awo onse ndisanachape.

Lamlungu lina titatuluka m'tchalitchi, anthu atachepa pakhomo, mtsikana uja anabwera n'kupinda maondo pamaso pawo. Analankhula motsitsa kwambiri, moti tinamva ndife atatu basi.

"Adada, kanthu kanu kaja kanafika. Ndabwera nalo buku losainamo m'chikwamamu, mutha kusaina pompano, mawa ndidzawapatsa amama."

Abale, mwanayo anali ataba buku la abwana ake chifukwa cha ife. Ndinafuna kumukumbatira. Ndinayamba kale kupisa m'chikwama kufuna cholembera.

Amuna anga anamuyang'ana ndi nkhope ija amaima nayo kuguwa. "Kanthu kanji, mwana wanga? Mwina wandisokoneza ndi munthu wina."

Mtsikanayo anati phepani, n'kudzuka.

Tinauyamba wapansi kubwerera kunyumba, kamvula kakuwaza. Pachitunda anaima kawiri kutsokomola, atagwira bondo. Titafika pa kaokala ka pamphambano, pamene amagulitsa ndudu imodziimodzi, anaimanso. Sanandiyang'ane.

"Tsogolani, mayi. Ndikupezani."

Ndinatsogola.