Kuka ya Azakhali Inkaluma Ine Ndekha

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene azakhali anga, mlongo wawo wa bambo, anabwera kudzanditenga ku Mitundu. Makolo anga anali matenanti pa esiteti ina ya fodya, ndipo nyengo yosoka fodya ikafika, za sukulu zinkayamba zaima kaye. Azakhali anati ndikakhale nawo ku Nathenje, m'mawa ndizikaphunzira, masana ndizikawalerera mwana wawo Dalitso, amene panthawiyo anali atangoyamba kukhala pansi yekha. Ndinanyamuka ndi jumbo imodzi ya zovala ndi nsapato zapulasitiki zimene amayi anandilangiza kuti ndi za kusukulu ndi kutchalitchi basi. Ndikaweruka ndinkazivula pakhomo, kuzipukuta bwinobwino, n'kuziika kuseri kwa chitseko. Tsiku lonse lotsala ndinkayenda ndi mapazi omwe ndinabadwa nawo.

M'nyumbamo munali zambiri zondidabwitsa, koma choposa zonse chinali kuka, mbaula yamagetsi ija yoima ngati kabati, ya mapuleti anayi pamwamba ndi uvuni pansi. Amuna awo a azakhali, amene ankayendetsa minibasi, anaigula m'tauni kwa munthu amene anali ataigwiritsapo kale ntchito. Anaibweretsa atapinda mipando yakumbuyo, ndipo mawaya ake analumikiza okha tsiku lina Lamlungu masana. Azakhali ankainyadira kwabasi. Mlendo aliyense, ngakhale wongodzapempha mchere, ankadutsitsidwa kukhitchini kuti aione. Inali yoyera mbee, ndipo lamulo linali lakuti izikhala choncho. M'mawa uliwonse ndikatha kukolopa ndinkayenera kuitsuka ndi madzi ambiri a sopo, thovu lizichita kuyenderera mpaka pansi.

Inandiluma koyamba mvula itangoyamba kumene. Ndinali nditangokolopa, pansi pali ponyowa, ndipo nditaika dzanja pambali pake chinachake chinandigwira kuyambira kuzala mpaka m'chigongono, ngati linthumbu lalowa m'kati mwa fupa. Mano anagundana okha. Ndinayang'ana dzanjalo, koma panalibe bala kapena magazi. Ndinasuzumira kuseri kwa kukayo kufuna chinkhanira, ndinangopezako fumbi ndi chitsekerero cha botolo. Mapuleti onse anayi anali ozimitsa, ozizira.

"Azakhali, kuka yandiluma!"

Anabwera masilipasi awo akulira phwa phwa phwa. Azakhali sankavula masilipasi awo a labala m'nyumba, ankati kuzizira kwa simenti kumawaphwanyitsa miyendo, ndipo kulira kwa masilipasiwo ndi kumene kunkandiuza chipinda chimene ali.

"Yakuluma? Wayiona mano?" Anaimenya ndi chikhatho, pha! pha! pamalo pomwe ndinagwira ine. "Nanga ine bwanji siikundiluma? Iwe Tiyamike, chimidzi ukanachisiya ku Mitundu konko."

Madzulo anawafotokozera amuna awo, ndipo iwo anaseka mpaka kutsokomola. Anapita kukhitchini ndi nsapato zawo zakuntchito, nayedzamira kuka ija uku akukukuta chimanga chootcha, akundiyang'ana. Nanenso ndinaseka pang'ono, poti mwana woleredwa ndi ena amaseka akulu akaseka.

Chimene chinandisokoneza mutu n'chakuti sinkaluma tsiku lililonse. Masana kukatentha ndinkatha kuikhudza n'kungomva kunyerenyetsa pang'ono kunsonga za zala. M'mawa wina inkandisiya, m'mawa wotsatira n'kundikutumula mpaka m'phewa. Ndi nzeru zanga za zaka khumi ndi chimodzi ndinaganiza kuti chinthucho chimandidziwa. Chimadziwa kuti ndine wakumudzi, wonunkha utsi ndi fodya, ndipo sichifuna kuti ndizichigwira. Musandiseke, ndinafika poipatsa moni. Ndinkagwada patsogolo pake ndi ndowa yanga n'kunong'ona kuti, "Pepani, ndangotumidwa." Kenako ndinatulukira nzeru yomanga nsalu ku mthiko wakale n'kumaitsuka ndili patali, koma azakhali atandipeza anandilanda mthikowo, amvekere ulesi wotere sanauonepo. Kuyambira pamenepo ndinabwereranso kumaitsuka ndi manja.

Zonsezi ndikanazipirira. Mantha enieni anabwera Dalitso atayamba kukwawa.

Anali mwana wonenepa, wosekerera, wa malovu osatha, ndipo ankakwawa mothamanga kwambiri. Posakhalitsa anayamba kugwira zinthu kuti aimirire: mwendo wa mpando, ndowa, chitenje cha amayi ake. Khitchini inalibe chitseko, kunali katani chabe. Ndipo m'nyumba monsemo chinthu chimene ankachifuna kwambiri chinali kuka, chifukwa pagalasi la uvuni ankaonapo nkhope yake, ndipo chogwirira chake chachitsulo chinkanyezimira pamsinkhu woti akatambasula dzanja angachifike. Ndinkaganiza za mmene chinthucho chinkandigwedezera ine, mtsikana wotha kusenza ndowa yodzaza, kenako n'kuyang'ana timanja take tonyowa ndi malovu. Ndinkadziwa kuti iye sichingamusiye wamoyo. Palibe anandiuza, ndinkangodziwa.

Ndiye ndinayamba kumubereka. Ndikangofika kuchokera kusukulu ndinkamuponya kumsana, ndipo sindinkamutsitsa mpaka atagona. Ndinkasesa naye, kutsuka mbale naye, kupita naye kumpopi. Iye ankalira, kundikoka tsitsi, kundimenya ndi zidendene m'nthiti pofuna kutsika. M'kalasi sindinkamvanso kanthu. Aphunzitsi akamalemba pabolodi ine ndinkangoona katani wakukhitchini akugwedezeka. Belu la buleki likalira ndinkathamanga kudutsa pamsika, kudumpha matope, kuwoloka msewu waukulu minibasi zikuimba mahutala, kukangosuzumira pawindo kuti ndione ngati ali moyo, n'kubwerera wefuwefu.

"Mwanayu adzayenda liti ukamangomukoleka kumsana?" azakhali ankakalipa. "Mutsitse!"

"Akagwira kuka, azakhali."

"Ndiye akagwira?"

Ndipo ankapita kukaimenyanso, pha! pha! kuti ndione.

Tsiku lina masana ndikuchapa matewera kuseri, ndinamva amayi ena oyandikana nafe akulankhula ndi azakhali pakhonde. Sankadziwa kuti mawu akundifika. Ankati mwana womva zinthu zimene anthu ena onse sakuzimva ndi wofunika kumuyang'anitsitsa, ndipo ana ochokera m'maesiteti ena amabwera ataphunzitsidwa kale zausiku. Anafunsanso kuti n'chifukwa chiyani mtsikanayo safuna kuti khandalo liyende. Azakhali sanavomere, koma sanatsutsenso. Ndinakhala chogwira thewera m'madzi, chifukwa ndinkadziwa zimene zimachitikira mwana akangotchulidwa kuti ndi mfiti. Ndipo poti kuka inkalumadi ine ndekha, ndinayamba kudzifunsa ngati amayiwo sankanena zoona.

Lachinayi lake azakhali anandiuza osandiyang'ana kumaso kuti Loweruka andiperekeza kwathu. Anati mwina ndasowa amayi anga. Kubwerera kukasoka fodya kunandiwawa, sindinama. Koma chimene chinandiletsa kudya masiku amenewo chinali funso limodzi: ine ndikachoka, adzamugwira ndani akamakwawira kukhitchini?

Loweruka kunacha ndi mvula yowaza. Ndinakolopa, ndinatsuka kuka komaliza nditaluma mano, ndipo inanditsanzika ndi kundikutumula kawiri. Nditatha, azakhali anamasula okha nsalu kumsana kwanga, namukhazika Dalitso pansi pabalaza.

"Musiye pomwepo. Kavale nsapato tizipita."

Iwo analowa kuchipinda kukasintha zovala. Ine ndinatenga nsapato zanga kuseri kwa chitseko, ndinakhala pakhomo n'kuyamba kuvala. Lamba wa nsapato imodzi anavuta pang'ono. Nditadzutsa mutu, pabalaza panalibe mwana, ndipo katani wakukhitchini ankagwedezeka.

Sindikumbukira mmene ndinadutsira pabalazapo. Ndikukumbukira kumuona atagwada pansi ponyowa paja, akusekerera nkhope yake pagalasi, dzanja limodzi lili m'mwamba, zala zitatambasuka kulunjika chogwirira chija. Ndinakuwa mawu amene sindinkadziwa kuti ndili nawo. Ndinamugwira malaya kumbuyo n'kumukoka mwamphamvu moti chibwano chake chinagunda pansi, ndipo ineyo poterereka ndinagunda kuka ndi mkono wonse. Sinandilume. Ndinazindikira zimenezo ngakhale m'kati mwa mantha, koma panalibe nthawi yoziganizira, chifukwa Dalitso anali akulira mokuwa, pamlomo pakutuluka magazi.

Azakhali anangotulukira kumbuyo kwanga. Sindinawamve akubwera.

"Wamutani mwana wanga?"

"Amafuna kugwira kuka."

"Kuka, kuka, kuka! Ndatopa nazo ine! Taona, mfiti iwe, taona!"

Anakweza dzanja monga ankachitira nthawi zonse. Koma ulendo uno sikunamveke pha wachiwiri. Thupi lawo linauma, pakamwa panatseguka, kenako anakuwa n'kugwa chagada, kugunda ndowa imene ndinakolopera, madzi n'kumwazika khitchini yonse.

Anakhala pansi m'madzimo nthawi ndithu, akupuma movutika, atagwira mkono wawo. Ngakhale Dalitso anasiya kulira. Kenako anayang'ana mapazi awo. Anali atavula masilipasi kuchipinda kuti avale nsapato zaulendo, ndipo kukuwa kwanga kunawatulutsa asanavale chilichonse. Anayang'ana mapazi anga ali m'nsapato zapulasitiki, nabwereranso kuyang'ana awo.

"Tuluka naye," anatero motsitsa mawu. "Usagwire kanthu."

Anadzikoka chokhala mpaka pabalaza, anapukuta manja pa katani, anavala masilipasi, nakazimitsa magetsi a nyumba yonse pabokosi la pafupi ndi khomo.

Masana amuna awo anabwera ndi munthu wodziwa zamagetsi. Atatsegula kumbuyo kwa kuka anationetsa waya wachitatu, wobiriwira ndi chikasu, atangopindidwa osalumikizidwa paliponse. Anati waya ameneyo ndi amene amatenga magetsi osochera n'kuwapititsa m'nthaka, ndipo akasowa, magetsiwo amadikira munthu woti adutsemo. Pansi pa puleti imodzi panali waya wosupuka, wadzimbiri chifukwa cha madzi a sopo amene ankalowamo m'mawa uliwonse. Labala wa masilipasi ndi nsapato ndi amene ankatchinga ena onse. Anawonjezera kuti masilipasi si mankhwala, tsiku lina akanabooka kapena kunyowa kwambiri. Kuka imafuna waya wake wokhuthala ndi switchi yakeyake pakhoma, ndipo poitsuka uyambe wazimitsa pakhomapo, udikire izizire, upukute ndi nsalu yofinya, osaithira madzi ngati mphika. Amuna awo a azakhali ankangogwedeza mutu, manja ali m'thumba.

"Amatsuka ndani?" anafunsa wamagetsi uja.

Onse anayang'ana ine. Iye anayang'ana mapazi anga, poti ndinali nditavulanso nsapato mwachizolowezi, ndipo anangoti, "Mayo ine."

Anthu atabalalika azakhali anandiitanira kuchipinda. Anamasula okha jumbo yanga n'kubwezera zovala pamalo pake, chimodzichimodzi. Kenako anatenga manja anga onse awiri, kuwatembenuza uku ndi uku ngati akufuna chipsera.

"Miyezi yonseyi, m'mawa uliwonse, zimakhala chonchija?"

"Masiku ena pang'ono, azakhali."

Analira. Ndinali ndisanaonepo munthu wamkulu akulira popanda maliro, ndipo sindinadziwe koyang'ana. Za mawu aja anandinena kukhitchini sanazitchule, ine sindinazitchulenso, koma mawa lake anapita okha kwa amayi oyandikana nafe aja, ndipo zimene anakawauza zinamveka mpaka kumpopi.

Kuka inakhala yochotsedwa kumagetsi kudikira kuti ikonzedwe, ife n'kumaphikira pambaula yamakala pakhonde. Dalitso ndinamutsitsa kumsana. Sabata isanathe, ine ndi azakhali tikusankha nyemba pabalaza, tinamva kuseka kukhitchini. Tinakankha katani. Dalitso anali ataimirira yekha koyamba, miyendo ikunjenjemera, mapazi ali pasimenti, manja onse awiri atagwira chogwirira chija, ndipo pakamwa pake anali atachiluma ndi timano take tiwiri. Azakhali anandigwira paphewa mwamphamvu moti zikhadabo zawo zinandilowa.

Lero ndili ndi khomo langa ndi kuka yangayanga, yolumikizidwa ndi munthu wodziwa ntchito yake, ndipo ana anga amandiseka kuti ndimazimitsa pakhoma ngakhale pofuna kungopukuta dontho la tiyi. Azakhali ndinawakhululukira kalekale, chifukwa ndinadzamvetsa kuti sankanama. Ankagwira pamalo pomwe ndinkagwira ine, ndipo sankamvadi kanthu. Tonse tinkanena zoona, kungoti iwo anaponda pa labala, ine ndinaponda pansi. N'chifukwa chake mwana akabwera kwa ine n'kunena kuti chinachake chikumupweteka, kaya ndi chinthu, kaya ndi munthu amene ine ndimamuona wabwinobwino, sindithamangira kukachimenya ndi chikhatho kuti ndimuonetse kuti palibe kanthu. Ndimayamba ndamuchotsapo, mafunso pambuyo. Dalitso tsopano ndi bambo wa ana awiri, ndipo ali ndi kachipsera pachibwano kamene amauza anthu kuti anagwa ali khanda. Amati ndine ndinamugwetsa, ndipo ine ndimavomera.