Mtima wanga sukukhazikika

Mkazi wanga anali nesi. Masiku anayi pa sabata ankachoka kunyumba kwathu ku Lanham, kuno kutsidya kwa nyanja, kupita ku Falls Church kukasamalira bambo ena achikulire ochokera ku Saudi Arabia, amene ankakhala kwa mwana wawo wamkazi. Iye ankawatchula kuti agogo. Mtima wawo unkagunda mosalongosoka: kuthamanga, kudumpha, kenako kukhala ngati waiwala. Zonse zimene zimaitana matendawa anali nazo, ukalamba, shuga, kuthamanga kwa magazi, ndi thupi lolemera.

Zonsezi ndinkazimvera patebulo tikamadya. Anandifotokozera kuti mtima ukamagunda chotero, magazi amadikha m'kati mwake n'kuundana, ndipo kachidutswa kakathothoka kamakatseka mtsempha wa mu ubongo. N'chifukwa chake agogowo ankamwa mankhwala oletsa magazi kuundana. M'mwezi wa Ramadani ankakangana nawo tsiku ndi tsiku, iwo akufuna kusala, iye akufuna mapiritsi amwedwe pa nthawi yake, mpaka dokotala anawakonzera nthawi ina.

"Agogo aja ngouma mutu ngati inu," anatero tsiku lina.

"Ndiye mukwatiwe nawo."

"Ndingakwatiwe nawodi. Iwo amandipatsa khofi. Inu mumandipatsa mbale zakuda."

Loweruka lina tinali m'galimoto kupita kukagula zinthu ku Laurel. Sabata imeneyo amayi ake kumudzi anali atagwa n'kuthyoka mwendo. Titaima pamaloboti, iye anati, "Mtima wanga sukukhazikika masiku ano."

"Khazikani mtima pansi," ndinatero. "Amayi achira."

Anandiyang'ana ngati akufuna kuwonjezera mawu. Wa kumbuyo kwathu analiza hutala, ine n'kuyendetsa galimoto. Anabwerezanso mawu omwewo tsiku lina akuvala nsapato za kuntchito. Ndinamuuza kuti akuganiza kwambiri.

Patapita milungu itatu anagwa m'khitchini m'mawa, kapu ili m'manja. Inali sitiroko. Anakhala m'chipatala masiku anayi osalankhula. Dokotala anandiuza kuti kachitseko kena ka mu mtima mwake kanawonongeka kalekale, mwina chifukwa cha zilonda zapakhosi za ali mwana zimene sizinalandire mankhwala, ndipo mtimawo unali utayamba kugunda mosalongosoka. Anali matenda a agogo aja. Anandifunsa m'Chingerezi ngati mkazi wanga anadandaulapo za mtima. Ndinayankha kuti ayi. Sindinaname. Funso linabwera m'Chingerezi, ine n'kufufuza m'Chingerezi, osapezamo kanthu.

Maliro atatha ndinapita ku Falls Church kukatenga juzi ndi chikwama chimene anasiya kumeneko. Mwana wa agogowo ananditsegulira chitseko n'kundilowetsa pabalaza. Ndinapeza agogowo atakhala pampando, kabokosi ka mapiritsi kali pambali, zilembo za mkazi wanga zikadali pachivundikiro. Anandithirira khofi m'kakapu kakang'ono. Kenako anatenga mkono wanga n'kuika zala ziwiri pamtsempha.

"Mwana wanga uja, mkazi wako, ankandigwira apa m'mawa uliwonse," anatero. "Tsiku lina ndinamupeza akudzigwira yekha, akuyang'ana wotchi. Ndinamufunsa kuti, wakonso ukuvina ngati wanga? Anaseka. Ndinati pita kwa dokotala. Anati, agogo, matenda amenewo ndi a inu akuluakulu, ine ndikungotopa. Komanso ndawauza kale amuna anga."

Anasiya mkono wanga. "Wako ukuyenda bwino," anatero.

Ndinamaliza khofiyo. Ndinathokoza, ndinatenga juzi ndi chikwama, ndinatuluka. M'galimoto ndinakhala nthawi ndithu ndisanailize. Kwathu kumudzi munthu akati mtima sukukhazikika amanena nkhawa. Kuyambira ndili mwana sindinamvepo wina akutanthauza nyama ya pachifuwayi. Sindidziwa ngati iye mwini ankadziwa chimene ankatanthauza, kapena anasankha mawu amenewo kuti ndimufunse. Funso lake linali limodzi, lalifupi. Sindinafunse.

Amayi ake amandiimbira foni Lamlungu lililonse akaweruka kutchalitchi. Lamlungu lotsatira anamva kuti mawu anga sali bwino.

"Khazikani mtima pansi, bambo," anatero. "Inali nthawi yake. Palibe akanadziwa."

Ndikanatha kuvomera. Milungu yonse ya m'mbuyomo ndinkavomera.

"Anandiuza, amayi."

"Anakuuzani chiyani?"

"Anati mtima wake sukukhazikika. Kawiri. Ine ndinayesa akudandaula za mwendo wanu."

Ndinayang'ana foni kuti mwina yaduka. Sinaduke.

"Nanenso anandiuza choncho," anatero. "Ndinamuuza kuti azipemphera."