Chimbale cha Nyang'ama

Chinandidzutsa ndi mvula yowaza pa masamba a chimanga kuseri kwa nyumba. Inkamveka kuti shiii, monga imachitira singano ya galamafoni nyimbo isanayambe, ndipo ndili m'tulo ndinatambasula dzanja kufuna chopukusira. Ndinagwira phazi la munthu. Tinali titagona mothithikana pakhonde, kunja kusanache, ndipo m'nyumba munali agogo atafunditsidwa nsalu yoyera. Linali tsiku loika maliro awo, Khirisimasi ili mkuja.

Amayi a mpingo anali ataimba usiku wonse ndipo mawu anali atasasa. Kutsidya kwa dambo kunamveka kuitana kwa swala ya m'mawa, amuna ena achisilamu napinda mikeka yawo, nati abweranso. Ine tulo sindinatipezenso. Dzulo lake madzulo amalume, mwana wamwamuna yekhayo wa agogo, anali atafika kuchokera ku Balaka kumene ankagwira ntchito yoyeza thonje. Analowa kuchipinda nasonkhanitsa zoti zipite kumanda: kapu, supuni, mpango ndi kolona. Kwathu zinthu zimene munthu ankazigwira kwambiri zimapita naye, kuopa kuti angamabwere kudzazifuna. Pamwamba pa zonsezo anaikapo chimbale cha galamafoni, namanga mtolo.

Chimbalecho chinabwera ndi sisitere wina wachizungu, agogo akadali mayi wachitsikana wochapa zovala kumishoni. Sisitereyo ankati kwawo Khirisimasi sidutsa popanda gule wina amene atsikana amavina ataimirira pa zala za kumapazi. Dzina lake linakanika kutchulika, anthu nangoti Nyang'ama, poti ovinawo amayenda ngati munthu wonyang'ama kukagwira nkhuku. Agogo anaphunzira poonerera ali ndi nsimbi m'manja. Sisitere atadwala n'kubwerera kwawo, galamafoni anaisiyira mishoni, koma chimbale anapatsa agogo. Kuyambira pamenepo guleyo anali wawo, akuphunzitsa atsikana a m'mudzi chaka ndi chaka. Ine agogo ananditenga makolo anga atamwalira ndili wosayankhula bwino, ndipo dzanja langa litangolimba anandipatsa ntchito yopukusa galamafoni ya kumishoni ija. Ndinakula ndikupukusa.

Kutayamba kuyera, amayi anayatsa moto pansi pa mtengo wa mango. Nkhuni zinali zonyowa, utsi unkangokwawa pansi. Ena ankasenda masamba a maungu, ena akusankha nyemba, ndipo mbuzi anaipereka kwa bambo wachisilamu kuti aizinge, aliyense adye. Okumba manda, amene timawatcha adzukulu, anadutsa ndi makasu. Kutsogolo kunali mkulu wawo, bambo wogulitsa nsomba zouma wa mudzi woyandikana nafe, wovala kofiya yothimbirira. Anagwira nkhuku yathu imodzi popanda kupempha, naipatsira mnzake, akuseka. Palibe anamuletsa. Adzukulu pamaliro chimene agwira n'chawo.

Ndinkangoyendayenda. Ndikapita kukatunga madzi, ndimapezeka ndabwerera pakhomo la chipinda kukasuzumira mtolo uja. Ndikakhala pansi, miyendo imandinyamulanso. Atsikana ovina anali atakhala pamodzi pafupi ndi khola, ndipo nthawi iliyonse ndikadutsa ankandiyang'ana. Anali atayeserera kuyambira mvula isanagwe, akumenyedwa akatumba ndi kansungwi ka agogo, amene sanali munthu wofatsa. Madiresi awo, osokedwa ndi masikito akale otchingira udzudzu, anali atachapidwa kale. Wamkulu wa iwo anandiitana ndi dzanja.

"Achimwene, n'zoona kuti chikupita nawo?"

Ndinangogwedeza mutu.

"Ndiye simukayankhula bwanji? Inu mukungozungulira ngati galamafoni yanuyo."

Chimbale china sichikanatheka. Pakati pa chathucho panali mkwaso pamene singano imadumpha, ndipo agogo anaikapo kudumpha kwa atsikana onse pamodzi. Anthu ankadikira pomwepo kuti akuwe. Nyimbo yopanda mkwaso umenewo sikanakhala Nyang'ama.

Dzuwa litakwera mvula inaleka, kunayamba kutentha kwa chinyezi. Anthu anayamba kufika. Ena anatsika basi ku Liwonde nayenda wapansi, nsapato m'manja. Ena anachokera ku Balaka pa lole ya munthu wamalonda, akudandaula kuti anaimitsidwa pamlatho kufunsidwa makadi a chipani. Panafika asodzi a ku Chiuta panjinga, matope mpaka m'mawondo, amene anali atanyamuka kale kudzaonera gule ndipo uthenga unawapeza panjira. Panali amayi okalamba amene anavinapo ali atsikana, ena atavala zoyera za mpingo, ena atafunda mpaka kumutu monga amachitira akazi achisilamu. Ambiri sindinkawadziwa, koma iwo ankandidziwa. Ankati, "Si uyu wopukusa uja?"

Ndinkamva zimene ankakambirana m'magulu. Wina ankakumbutsa chaka chimene kunabwera lamulo loletsa zovala zazifupi, agogo nasoka usiku ndi usana kuwonjezera masikito mpaka m'munsi mwa mawondo. Wina ankasimba za wapampando wa chipani amene anafuna kuti pakati pa gule paikidwe nyimbo yotamanda, agogo namuyankha kuti apite akauze chimbalecho, iwo sichiwamvera. Anaseka chapansipansi, akuyang'ana uku ndi uku. Ndikuganiza kuti n'chifukwa chake anthu ankadzaza holo ya sukulu chaka ndi chaka. Guleyo analibe mawu. Myao, Mlomwe ndi Mnyanja ankamva mofanana nkhani ya mwana wosochera amene akakowa amamuperekeza kwawo, ndipo palibe akanakunenera kuti unaimba molakwika kapena sunaombe m'manja. Pomaliza anyamata ankawaza thonje kuchokera kudenga. Sisitere ankati n'chisanu cha kwawo, koma alimi ankafuula kuti thonje lagwa lokha, lopanda kupalira.

Ndinalimba mtima ndi kupita kwa akatekisiti. Anandimvera, nati za m'banja mpingo sulowerera. Kenako ndinapeza amalume kuseri kwa nkhokwe akutsuka kumaso. Ndinagwada.

"Amalume, chimbale chija chikanatsala."

"Chitsale cha chiyani?"

"Ana ayeserera. Anthu abwera."

Anandiyang'ana, maso ali ofiira. "Mphwanga, ine Khirisimasi ndi amayi sindinadyepo. Chaka chilichonse ali kuholo ndi ana a eni. Ndinadwala chikuku, iwo akusoka masikito. Chinthu chimenechi chinatilanda amayi ali moyo. Apite nacho, asatiyenderenso usiku."

Zimene ananenazo zinali zoona, ndipo pamaliro mwana wa mlongo sapikisana ndi amalume ake.

Uthenga utabwera kuti manda atha, bokosi linatuluka. Amayi analira mokweza, mwambo wa mpingo nuchitika pabwalo. Wapampando wa chipani anayankhula nthawi yaitali za ulimi ndi kumvera, anthu akudzikupiza ndi masamba. Kumwamba mitambo inali kusonkhananso cha ku mapiri. Tinanyamuka. Njira inali yoterera, onyamula bokosi ankasinthana pafupipafupi, ndipo mzere wa anthu unali wautali moti akutsogolo atalowa m'nkhalango ya kumanda akumbuyo anali asanawoloke dambo. Mtolo unali m'manja mwa amalume. Ine ndinkayenda pambuyo pawo, maso pa nsonga ya chimbale imene inkaonekera m'nsalu. Ndinaganiza zoutsomphola n'kuthawira m'chimanga. Sindinachite.

Bokosi litatsitsidwa, amalume anapereka mtolo kwa mkulu wa adzukulu, amene anali ataima m'mphepete mwa dzenje, thupi lonse dothi lofiira. Anaumasula. Zinthu zopita kumanda amaziwononga kaye kuti wina asadzazikumbe. Kapu anaiboola ndi msomali. Supuni anaipinda pa bondo. Mpango anaung'amba pang'ono, zonse napatsira amene anali m'dzenje. Kenako anatola chimbale, nachiika pamwala, nanyamula mpini wa khasu. Kumbuyo kwanga mtsikana wina analira mawu amodzi. Ine ndinatseka maso.

Sindinamve kusweka. Nditatsegula, bamboyo anali atachinyamula m'mwamba, akuchiyang'ana ngati nsomba pamsika.

"Iyayi," anatero, "ichi sichilowa. Takumba m'matope kuyambira m'mawa, nkhuku mwatipatsa yowonda. Ichi n'cha adzukulu."

"Bambo, musasewere," anatero amalume. "N'cha amayi."

"Amayi anu timawadziwa kuposa inu. Akabwera kudzachifuna abwere kwanga, ndikawaphikira chambo. Kapena mukwirira nokha?"

Anzake anaika makasu pansi, napinda manja. Anthu ena anaseka, ena anang'ung'udza. Amalume anayang'ana akuluakulu a mudzi, koma onse anazolika. Madontho a mvula anayamba kugwa. Amalume anakweza dzanja kuti akwirire, natembenuka, mapewa akugwedezeka. Bamboyo anabisa chimbale m'malaya mwake.

Pobwerera mtima wanga sunakhazikike. Chimbale chinapulumuka kudzenje, koma chinali m'manja mwa munthu wanthabwala amene sindinayankhulanepo naye. Zimene adzukulu atenga sizibwerera. Ndinaganiza kuti akachipachika pakhoma, kapena ana ake akachisandutsa gudumu. Mvula inakula, anthu anasamba m'manja pakhomo, nadya mofulumira ataima pansi pa mitengo, nayamba kubalalika. Asodzi aja anandifunsa ngati adikire kapena abwerere kunyanja. Ndinawauza kuti sindikudziwa. Atsikana anapita osanditsanzika.

Madzulo nyumba inali zii. Achibale otsala anagona pamikeka ndi kutopa, amalume atakhala pampando wa agogo, mutu uli pa chifuwa. Ndinasesa pakhonde, ndinasonkhanitsa mabenchi obwereka. Kansungwi kaja kanali pakona, ndipo sindinadziwe koti ndikaike. Kenako ndinamva kutsokomola kuseri kwa khola. Anali mkulu wa adzukulu, atasamba, atavala mkanjo woyera. Anandikodola.

"Iwe wopukusa. Tambasula manja onse awiri."

Anandiika m'manja chinthu chokulungidwa m'pepala la nsomba.

"Chimenechi n'changa tsopano, wamva? Ndikungokubwereka. Amalume ako akafunsa, akazenge mlandu ndi adzukulu."

Ndinayesa kuthokoza, koma anandidula.

"Ine guleyu ndamuonera pawindo kuholo kuja kuyambira ndili mnyamata, khosi mpaka kuwawa. Mkuja undisungire benchi ya kutsogolo."

Anakweza mkanjo kuopa matope, nalowera njira ya kudambo.