Inshuwalansi ya ba Zulu Inatha Ali Chigonere

Ndiyambe ndi kuthokoza Mulungu, amene anandipatsa ntchito ndisanadziwe n'komwe kuipempha, nandigwira dzanja pa tsiku limene dzanjalo linkafuna kulemba bodza chifukwa cha chisoni. Ulemu ukhale kwa Iye.

Ndinakulira ku komboni ya George, m'nyumba imene agogo anga aamuna anamanga atabwera kuchokera ku Malawi kudzagwira ntchito yophika. Nditamaliza sukulu ndinakhala pakhomo, kuthandiza amayi kukazinga vitumbuwa. Ku tchalitchi ndinali mu kwaya, ndipo ine ndi amene ndinkaimbira anzanga foni kuwakumbutsa tsiku lokonzekera nyimbo. Amayi ena a mu kwayamo, ba Mwansa, anali ndi kaofesi ka inshuwalansi m'tauni. Tsiku lina titaweruka anandiima patsogolo n'kunena kuti, "Iwe Esnati, uziba kukumbutsa bantu. Ubwele pa Mande." Kufunsidwa kwanga kwa ntchito kunathera pomwepo.

Ofesi yathu inali ya buloka, ndiye kuti mkhalapakati. Ife sitilipira ngozi ikachitika. Timangolumikiza mwini galimoto ndi kampani ya inshuwalansi, kumusankhira yomuyenera, ndi kumuthandiza mapepala zinthu zikavuta. Ba Mwansa anandiphunzitsa kufananiza nambala ya chasisi ya pa waiti buku, chikalata cha umwini wa galimoto, ndi imene ili pa galimotoyo. Anandiphunzitsa kusiyana kwa thedi pate, imene imalipira zimene wawonongera ena, ndi ija yaikulu yolipiranso galimoto yako. Munthu akalipira tinkamulembera kava noti, umboni woti kuyambira ola limenelo ndi wotetezedwa. Magetsi akalipo tinkaitulutsa pa kompyuta. Akathima tinkalemba pamanja m'buku la kaboni.

Lamulo lawo lalikulu linali lalifupi: "Kuno sitilemba dzulo." Tsiku ndi ola za pa kava noti ziyenera kukhala zenizeni, chifukwa inshuwalansi siteteza ngozi imene yachitika kale.

Ntchito yanga yeniyeni inali kukumbutsa. Anthu ambiri a m'makomboni amagula inshuwalansi ya kota, miyezi itatu, ndiye masiku ake amatha msanga. Kota ikayandikira kutha ndinkatumiza uthenga, kenako kuimba foni.

Mmodzi amene sankasowa kukumbutsidwa anali ba Zulu, bambo wachikulire woyendetsa takisi pafupi ndi msika wa ku Lilanda. Ankabwera okha nthawi isanakwane, atanyamula chimanga chowotcha chokulunga m'pepala. Galimoto yawo inali yakale, yoyera, yotsukidwa ngati mbale ya mgonero. Ndikatuluka kukaona chasisi ankandiseka kuti ndiyambe ndagwada, poti galimotoyo ndi yaikulu kwa ine pobadwa.

Dzinja lina, mvula itakula, dzina lawo linafika pa anthu okumbutsidwa. Ndinatumiza uthenga, sanayankhe. Ndinaimba kangapo, foni inkangolira, pambuyo pake inali yothima. Ndinaganiza kuti apita kumudzi kukapalira, monga amachitira ambiri nyengo imeneyo. Kota yawo inatha.

Sabata yotsatira, mmawa wina magetsi atathima, ba Mwansa ali ku banki, panalowa mayi wina chitenje chitanyowa. Anavula nsapato zamatope pakhomo, ngakhale ndinawauza kuti alowe nazo. Anati ndi akazi a ba Zulu, amake Dalitso.

Anafotokoza mwapang'onopang'ono. Amuna awo anagwa ndi sitiroko ali pa malo oimika matakisi. Anagona m'chipatala, mbali imodzi ya thupi itafa, lilime litalemera. Foni yawo inatsala m'thumba la jekete pansi pa bedi mpaka inathima yokha. Atatuluka, madokotala anati azibwera nawo kawirikawiri kudzawongola mwendo ndi mkono, apo ayi ziwalozo zidzauma. Mng'ono wa ba Zulu ndiye anayamba kuwayendetsa pa takisi yawo ija. Dzulo lake, akuchokera kowasiya kunyumba, anazemba dzenje lodzaza madzi ku Lilanda, galimoto inaterereka n'kugumula mpanda wa njerwa wa munthu wina. Palibe anavulala. Koma mwini nyumba, ba Mulenga, analanda makiyi, nakankhira galimoto m'bwalo mwake, nati sichoka mpaka inshuwalansi italipira.

Anatulutsa mapepala m'pulasitiki n'kundipatsa ndi manja awiri, ngati munthu wobweretsa mankhwala amene akudziwa kuti achiza. Ndinayang'ana tsiku. Ndinayang'ananso. Kenako ndinawauza kuti inshuwalansiyo inatha sabata yapitayo.

Sanamvetse msanga. Anati amuna awo akhala akulipira pano zaka zonsezi osajomba, ndiye zingathe bwanji? Nditalongosola kuti kota iliyonse imaima payokha, anamasula mfundo ya chitenje, naika ndalama patebulo.

"Mwana wanga, ni masiku yang'ono chabe. Sungalembe monga tinalipila kudala?" Ankafuna ndilembe tsiku lakale, la ngozi isanachitike.

Buku la kaboni linali pomwepo, cholembera pamwamba pake. M'ofesi munali ine ndi iwo basi. Ndikunena zoona, mtima wanga wonse unali kumbali yawo. Ndinaganiza za chimanga chija. Ndinadzifunsa ngati chifundo sichiposa lamulo. Ndinapemphera chamumtima, pemphero lopanda mawu abwino, longoti Ambuye ndithandizeni.

Chimene chinandibwerera ndi nkhope ya ba Zulu. Kampani ikalandira dandaulo la ngozi yochitika pafupi ndi tsiku lolipira imafufuza. Bodzalo likanaululika, dzina lolembedwa pamenepo likanakhala la ba Zulu, munthu amene sanabepo kanthu, ndipo tsopano analibe lilime lodziyankhira. Ndinawauza zimenezo misozi ikutsika, ndipo ndinati sindingathe.

Sanandikalipire. Bwenzi zitandipepukira akanatero. Anangofunsa motsitsa mawu kuti, "Manje bazayenda bwanji ku chipatala? Nibabeleke kumbuyo?"

Mvula ikugundabe malata, ba Mwansa analowa. Anamva nkhani yonse ali chiimire, chikwama chili m'khwapa. Anayang'ana buku, anaona kuti silinalembedwe, anandiyang'ana ine. "Wachita bwino. Lemba yatsopano, ya lelo, na nthawi ino. Ukasiliza utenge ambulela." Ndinalemba, iwo anakhoma ofesi, tonse atatu tinakwera galimoto yawo kupita ku Lilanda.

Ba Mulenga anali bambo wopuma pantchito amene anachokera ku migodi. Tinawapeza ataima pa malo ogumukawo, maso ofiira. Sanali munthu woipa. Mpandawo anaumanga ndi ndalama za penshoni, ndipo tsopano nyumba yawo inali pambalambanda, aliyense wodutsa akuona mpaka kukhitchini. Ba Mwansa anawapatsa moni m'Chibemba, n'kuwauza mosabisa kuti pa tsiku la ngozi galimotoyo inalibe inshuwalansi, choncho palibe kampani imene idzalipire. Bamboyo anapsa mtima, natchula za polisi ndi khoti. Amake Dalitso anagwada m'matope. Ba Mwansa anadikira mkwiyo uphwe, kenako anafunsa kuti chimene akufuna kwenikweni n'chiyani, mlandu kapena mpanda. Anati mpanda. Ba Mwansa analonjeza kuti Loweruka udzaima. Ba Mulenga anavomera, koma anati makiyi adzatuluka njerwa yomaliza ikakhala pamalo pake.

Pobwerera tinadutsira pa malo a matakisi. Anzawo a ba Zulu ankadziwa za matenda, koma za mpanda anali asanamve. Madzulo ake ndinakauza akulu a mpingo wathu, amake Dalitso anakauza a mpingo wawo. Tsiku la chipatala la sabata imeneyo, ba Mwansa anandisiya ndekha mu ofesi n'kukawatenga ba Zulu pa galimoto yawo. Ba Mwansa omwewo, amene ndinkawaopa chifukwa cha lilime lakuthwa, anakhala pa benchi ya chipatala mmawa wonse.

Loweruka kunacha kopanda mvula. Oyendetsa matakisi anabwera ndi njerwa za simenti kumbuyo kwa magalimoto awo, aliyense monga anathera. Wina anabweretsa mchenga, wina thumba la simenti. Mkulu wina wa mpingo wathu, amene ndi mmisiri, anamanga chingwe n'kuyamba kuyala. Amayi tinkatunga madzi. Anthu a mipingo iwiri imene imatsutsana pa za ubatizo ankapatsirana fosholo imodzi, akunyozana kuti matope a anzawo ndi amadzimadzi ngati ulaliki wawo.

Dzuwa litakwera, ba Zulu anafika. Kunyumba anakakamira kuti abwere, ndi manja ndi maso, mpaka mnzawo wina anawanyamula. Anawatsitsa anthu awiri. Ba Mulenga atawaona, pakamwa popotoka, mkono uli lende, analowa m'nyumba n'kutulutsa mpando wawo wa khushoni. Ba Zulu anayesa kupepesa, koma mawu ankakana kutuluka. Ba Mulenga anawagwira paphewa, napisa m'thumba, naika makiyi m'dzanja lija lamoyo n'kulifumbatitsa. Mpanda unali usanafike ngakhale m'chiuno.

"Tengani, mudala. Vinangu tizasiliza," anatero ba Mulenga, kunena za mpanda wotsalawo.

Mpanda unatha madzulo. Ba Zulu sanayendetsenso takisi, koma mwendo unabwerera ndipo amayenda ndi ndodo. Mng'ono wawo ndiye amagwira ntchito ndi galimotoyo. Kota yotsatira ba Zulu anabwera eni ake ku ofesi, akazi awo atawagwira mkono, chimanga chili m'pepala. Analoza kompyuta, nalankhula liwu limodzilimodzi kuti ndilembenso nambala ya amake Dalitso, poti iwo ndi amene amayankha mwamuna akagwa.

Kuyambira pamenepo, aliyense wobwera patebulo langa ndimamufunsa kuti, mukadwala, foni yanu adzayankha ndani? Ena amaseka, ena amati ndikuwalosera zoipa, koma nambala yachiwiriyo amapereka. Ndipo foni ikangokhala chete sindiganizanso kuti munthu wapita kukapalira. Ndimatumiza mawu kumene amagwira ntchito, kapena ndimadzera kwawo poweruka. Nyali imatha mafuta mwini wake asanachimwe kanthu, mwina ali chigonere, ndipo pamafunika wina wapafupi woiyang'anira. Dzulo sindingalilembe, koma lero ndingathe kugogoda pakhomo.

Inu amene mwawerenga, Ambuye akusungeni potuluka ndi polowa, pa msewu wouma ndi wamatope. Akupatseni munthu woyankha foni yanu tsiku limene simungathe kuiyankha. Ndipo mpanda wanu ukagumuka, akutumizireni manja ambiri oumanganso dzuwa lisanalowe. Amen.