Oyilo wakuda amene ndinkapatsa apongozi

Oyilo wa galimoto yanga ndimasintha ndekha. Ndinayamba nditatopa ndi amakaniko ena amene amangopukuta fyuluta yakale ndi kansanza n'kukuuza kuti aika yatsopano. Pakhomo pathu ku Area 23 ndimakweza matayala akutsogolo pa njerwa, kuyala katoni, n'kulowa pansi chagada ndi sipanala ndi beseni lakale. Ndinkanyada nazo kwambiri, moti mkazi wanga ankandiseka kuti ndikatuluka pansipo ndimayenda ngati ndakonza ndege.

Oyilo wakuda wotuluka mu injini satayidwa kwathu kuno. Wina amafuna wopaka mitengo ya denga kuti chiswe chisadye, wina wothira m'chimbudzi kuti ntchentche zichepe. Chaka chimenecho tinkakhala ndi apongozi anga, mayi a mkazi wanga, amene tinakawatenga ku Dedza amuna awo atamwalira. Nawonso anayamba kufuna oyiloyo. Sankandipempha ndi pakamwa ayi. Ankangoika kachitini pafupi ndi tayala n'kuima chapatali, nkhope atayang'ana kumbali, ine n'kudzaza. Tinkapatsana ulemu wachikale uja: moni wa chapatali, osadyera pamodzi, nkhani zonse kudzera mwa mwana wawo. Ndinadzaza kachitiniko kawiri, osafunsa n'komwe kuti oyiloyo ndi wa chiyani.

Ulendo wachitatu linali Loweruka m'mawa, mkazi wanga ali kumsika. Ndinali nditamasula bawuti ya pansi, oyilo wofunda akutsikira m'beseni, pamene ndinamva munthu akubwera mokhwekhwereza phazi. Kayendedwe kameneko tinkangoti ndi ukalamba. Koma munthu ukagona pansi pa galimoto umaona zimene oimirira saona. Apongozi atawerama kuti aike kachitini, chitenje chinakwera pang'ono, ndipo ndinaona phazi lawo lamanzere. Linali lotupa, lokulungidwa ndi kansanza kakuda bii ndi oyilo wanga. Zala ziwiri zimene zinatulukira kunja zinali zouma, zakuda ngati makala. Kenako fungo linandipeza, fungo la chinthu chowola, lopambana la oyilo.

Ndinakhalabe chigonere pansipo, sipanala ili m'manja. Mkamwini amayamba bwanji kunena za mwendo wa apongozi ake? Ndisaname, ndinaganiza zodikira mkazi wanga, mwinanso kungokhala ngati sindinaone kanthu. Koma manyazi anapha lambe. Ndinatuluka n'kunjuta chapatali.

"Amayi, pepani, phazilo latani?"

Anatsitsa chitenje msangamsanga. "Palibe kanthu, bambo. Kachilonda chabe, ndinaponda msomali. Oyiloyu akuumitsa bwino, sikakupwetekanso."

"Munaponda liti?"

"Mvula isanathe."

Apa n'kuti tili pakati pa nyengo yozizira. Ndinamva mawu anga akukwera, chinthu chimene chinali chisanachitikepo pamaso pawo. "Amayi, tikupita kuchipatala pompano!"

Koma mu injini munalibe oyilo ngakhale dontho. Ndinabwerera pansi pa galimoto mwaphuma, ndipo bawuti inandipulumuka kawiri n'kumira m'beseni. Fyuluta ndinaisiya yakale yomweyo. Oyilo watsopano ndinathira wina akutayikira pambali, n'kuliza galimoto osasamba m'manja. Tinadzera kumsika kukatenga mkazi wanga. Atamasula kansanzako pampando wakumbuyo analira mokweza mpaka a kabaza anayamba kutisuzumira. Nayenso sankadziwa, chifukwa mayi akewo ankasamba okha anthu asanadzuke.

Kuchipatala anapeza kuti apongozi ali ndi shuga, ndipo n'chifukwa chake phazilo linkawola iwo osamva ululu. Dokotala atatsuka oyiloyo n'kuona zimene zinali pansi pake, anapukusa mutu.

"Oyilo ameneyu amamutenga kuti agogowa?"

"Ndimawapatsa ndine," ndinayankha. Ndinalakalaka nthaka itang'ambika.

Mkazi wanga anawagwira dzanja. "Amayi, bwanji simunanene?"

"Ndili pakhomo pa eni ake, mwanawe. Akundidyetsa, akundisunga. Ndiwasenzetsenso mtolo wina?"

Eni akewo ndinali ine, nditaima pomwepo ndi malaya a oyilo. Mawuwo anandilasa kuposa mmene akanandilasira akanandinyoza. Miyezi yonseyi ine ndinkayesa kuti kukhala chete kwathu ndi ulemu, chonsecho munthu akuwola m'nyumba mwanga poopa kundivutitsa.

Patapita masiku awiri anawadula mwendo pansi pa bondo. Ndili panja pa wodi, namwino anabwera n'kundipatsa kajumbo, nati ndi katundu wa odwala athu. Nditatsegula ndinapezamo silipasi imodzi, ya kumanzere. Ndinakhala pa benchi nditaigwira, osadziwa kuti ndiitaye kapena ndipite nayo kunyumba.